Lamulo la zaluso lilipo, koma kodi lifika ku Nsaru ndi kwa Kabudula?

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji pamsewu wa M12 amadutsa zojambula zambirimbiri asanafike pa Namitete, ngakhale kuti kawirikawiri sazilabadira. Pa Mpingu, pa Msundwe ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewuwu, makoma a malo ometera ali ndi mitu ya anyamata yoonetsa kametedwe kosiyanasiyana. Pabutchala pajambulidwa ng'ombe kapena mbuzi yonona, pachigayo pali chimanga, ndipo pasitolo ya zipangizo zaulimi pali thumba la feteleza ndi botolo la mankhwala a mbozi.

Akapatuka kulowa m'midzi nyengo yachilimwe, amapeza makonde ozira bwino ndi makoma omwe amayi awakongoletsa ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera. Pamaliro a mfumu, pachinamwali kapena pomanga chiliza, amaona zilombo za Gule Wamkulu, zina mwa izo zamaonekedwe omwe kudalibe zaka khumi zapitazo.

M'zonsezi muli luso, koma eni ake satchedwa aluso. Wojambula pakhoma la sitolo amangomuti wapenti. Mayi wokongoletsa nyumba amamuyamikira kuti ndi waukhondo, nkhani n'kuthera pomwepo. Woumba mbiya ndi woluka nsengwa amawerengedwa pamodzi ndi ogulitsa tomato patsiku lamsika. Dzina loti waluso lidasungidwira munthu wam'tauni, yemwe chithunzi chake chimapachikidwa m'hotela n'kulembedwa mtengo m'madola.

Nkhaniyi yafika pofunika kuiunika chifukwa mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza bilu ya National Arts and Heritage, yokhazikitsa khonsolo yoyang'anira zaluso ndi chikhalidwe, yomwe ambiri akuitchula kuti Nahec, pamodzi ndi thumba la ndalama zotukulira ntchitozi. Aluso adalilira lamuloli kwa zaka zambiri, makamaka kuchokera mu 2015 pomwe boma lidavomereza ndondomeko ya dziko lino ya zachikhalidwe. Funso lomwe latsala n'lakuti khonsoloyi ikamawerenga aluso, iyambira pati ndipo ilekezera pati. Ikalekezera pamalire a mzinda, ndalama za anthu onse zidzathirira nthambi, mizu ili gwaa.

Anthu ali kumudzi, zionetsero zili m'tauni

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989 318 mumzinda wa Lilongwe ndi ena 1 637 583 m'madera akumudzi a bomali. Ndiye kuti pa anthu asanu alionse a m'boma la Lilongwe, atatu amakhala kumudzi. Ena mwa iwo ali kuzambwe ndi kumpoto kwa mzindawu, m'madera a fodya, chimanga, mtedza ndi soya monga Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma.

Koma malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula ndi zosema pafupifupi onse ali m'tauni. Pali msika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, timasitolo ta zaluso ta m'mahotela ndi m'malo akuluakulu ogulitsira katundu, komanso zionetsero zochitika mwa apo ndi apo monga Art in the Park. Ogula ambiri ndi alendo odzaona dziko ndi anthu ogwira ntchito m'maofesi a akazembe ndi m'mabungwe akunja.

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, koma mpaka lero boma lilibe nyumba yakeyake yoonetseramo zojambula ndi zosema za Amalawi amakono, pomwe Zimbabwe idatsegula National Gallery mu 1957. Maphunziro apamwamba a zojambula akhala akuperekedwa makamaka ku Zomba, payunivesite yomwe kale inkatchedwa Chancellor College. Mwana wa kwa Kabudula yemwe ali ndi dzanja lojambula angathe kukula mpaka kukwatira asadaonepo chithunzi cha wojambula wa dziko lake lomwe chitapachikidwa penapake mwaulemu.

Msika wodalira alendo ndi wosakhalira kugwa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a pandege, ogulitsa ziboliboli ankangoswera padzuwa osagulitsa kanthu, ndipo osema akumudzi omwe amawapikulitsa adasowa kopita ndi katundu wawo. Apa padaoneka poyera kuti luso la dziko lino lidaimira mwendo umodzi, ndipo mwendowo ndi wobwereka.

Mizinda iwiri

M'Chichewa cha masiku ano, mzinda ndi tauni yaikulu yamagetsi ndi misewu yatala. Koma pamwambo wa Achewa, mzinda ndi mudzi womwe mfumu yake idapatsidwa mphamvu zokhala ndi bwalo la gule ndi chinamwali. M'madera a kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe mizinda yotereyi ilipo yambiri. Ubale wa mizinda iwiriyi, wamagetsi ndi wamwambo, ndiwo uli pakatikati pa nkhani ya zaluso.

Bungwe la Unesco lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu a padziko lonse. Ena amamuona ngati chinthu chamakedzana chosasintha, koma wopenya bwino amadziwa kuti gule amayenda ndi nthawi. Pambali pa Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Njovu, padabwera Simoni wankhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, padabwera Maliya nthawi ya amishoni, padabweranso zilombo zofanizira galimoto ndi ndege. Edzi itavuta, bwalo lidalandira zilombo zochenjeza za matendawa. Kutola chomwe chikuchitika lero, kuchipatsa nkhope, n'kuchiika pamaso pa anthu kuti aseke kapena achite manyazi, ndiyo ntchito yomwe wojambula wamakono wa ku London kapena ku Johannesburg amalipidwa nayo ndalama zambiri.

Aluso otchuka a dziko lino sabisa komwe amatunga. Samson Kambalu, yemwe amaphunzitsa payunivesite ya Oxford, adatcha timafilimu take tatifupi kuti Nyau Cinema, ndipo wakhala akufotokoza poyera kuti maganizo ake pa zaluso adachokera ku gule. Mu September 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chidaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London. Chimaonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishoni John Chorley, potengera chithunzi cha mu 1914, nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu.

Mbale wake, Elson Kambalu, yemwe amagwirira ntchito ku Lilongwe, adatenga njira ina. Adagwira ntchito ndi anthu a m'midzi ya m'boma la Chikwawa pojambula ndi dothi momwe iwo amaonera kafukufuku wa zaumoyo, ndipo ntchitoyo idakaonetsedwa ku Wellcome Collection mumzinda wa London. Dothi lomwe amayi amazirira nyumba lidakalowa m'nyumba ya zionetsero ya ku Ulaya. Limeneli ndi luso lomwelo lomwe mayi wa ku Nambuma amalichita chaka ndi chaka popanda womujambula chithunzi.

Palibe cholakwika kuti waluso atunge pachitsime cha makolo ake. Vuto lili poti palibe njira yokhazikika yomwe ulemu ndi phindu zimabwererera komwe lusolo likuchokera. Ku Brooklyn Museum mumzinda wa New York kuli nkhope ya gule yofanizira woimba wa ku America, Elvis Presley, ya m'zaka za m'ma 1970. Idalembedwa kuti ndi ya Achewa a ku Malawi, koma dzina la mwini luso palibe. Anthu ochuluka aiona nkhopeyo, pomwe mudzi womwe idachokera sudziwa n'komwe kuti uli ndi mbiri kutsidya la nyanja.

Nkhani ya dzina njovuta

N'kosavuta kunena kuti waluso aliyense azitchulidwa dzina, koma kumudzi nkhaniyi ili pamitundu itatu, ndipo khonsolo yatsopanoyi ikaisakaniza idzalakwitsa.

Mtundu woyamba ndi wa gule. Mwambo sulola kuti za kudambwe zikambidwe pagulu, ndipo chilombo sichikhala ndi dzina la munthu. Wofuna kulemba m'kaundula mayina a anthu pankhani imeneyi adzakhala ataphwanya chinthu chomwe akuti akuchiteteza. Apa woyenera kudziwika ndi mzinda, kudzera mwa mfumu yake. Mafumu ndi bungwe la Chewa Heritage Foundation akhala akudandaula kuti gule akumagwiritsidwa ntchito molakwika, monga kupemphetsa ndalama m'misewu ndi kuvinidwa pamalo posayenera. China chomwe chimachititsa zimenezi ndi umphawi. Pakadakhala njira yaulemu yoti mzinda uzipindula zithunzi za gule wake zikagwiritsidwa ntchito pamalonda, mafumu akadakhala ndi poyambira polanga osokoneza.

Lamulo la 2016 loteteza umwini wa ntchito zaluso limati umwini wa zinthu zachikhalidwe za makolo uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Mfundoyi njabwino poletsa munthu mmodzi kudzitengera cha anthu onse. Koma siyankha funso la mfumu ya kwa Kabudula yomwe ingaone gule wa m'mudzi mwake pachikwangwani chokopa alendo kapena pakalendala ya kampani, n'kufunsa kuti gawo la mudziwo lili kuti.

Mtundu wachiwiri ndi wa osema, opala matabwa ndi ojambula zikwangwani. Awa mwambo suwaletsa kutchuka, koma dzina lawo limasowera m'njira. Wosema amagulitsa chiboliboli kwa wopikula pamtengo wolira, wopikulayo amachikwecha, kuchipaka polishi, n'kuchigulitsa m'tauni ngati chake. Wogula akachikonda n'kufuna china, sangamupeze mwini dzanja. Wosemayo amakhalabe wosadziwika ngakhale atasema zaka 30, ndipo mtengo wa ntchito yake sukwera.

Mtundu wachitatu ndi wa amayi oumba, oluka ndi okongoletsa makoma. Awa palibe amene adawafunsapo dzina, chifukwa ntchito yawo imaonedwa ngati gawo la ntchito zapakhomo, limodzi ndi kusesa ndi kutunga madzi. Chonsecho kudziwa dambo lomwe kuli mtsiro wabwino, kusakaniza katondo, phulusa ndi makala kuti mitundu isasuluke msanga, ndi kulinganiza mizere pakhoma popanda chingwe, ndi nzeru yomwe imatenga zaka kuti munthu aidziwe. Mvula ikagwa zojambulazo zimafufutika, ndipo popeza palibe amene amazisunga pazithunzi, chaka chilichonse dziko limataya zionetsero zambirimbiri osazindikira.

Zomwe zikufinya amisiri akumudzi

Lusoli silingodikira mpaka kalekale kuti boma lidzalikumbukire. Pali zinthu zingapo zomwe zikulifinya panopa.

Choyamba ndi makina osindikiza. Kale mwini golosale ankaitana wapenti wapamsika kuti amulembere dzina la sitolo ndi kujambula katundu. Lero amatumiza mawu pa WhatsApp kwa osindikiza a m'tauni, chikwangwani chapulasitiki n'kubwera paminibasi mawa lake. Makampani a mafoni, a sopo ndi a mbewu amapaka makoma a masitolo mitundu yawo, ndipo kontirakiti yake imaperekedwa kulikulu. Wapenti wapamsika akapezapo mwayi, ndi waganyu yodzaza utoto m'zilembo zomwe wina adakonzeratu pakompyuta.

Chachiwiri ndi mtengo wa zipangizo. Ndalama ya kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Utoto wa ojambula, mabulashi abwino ndi zitsulo zosemera zambiri zimachokera kunja, choncho mitengo yake idakwera nthawi yomweyo. Wojambula wam'tauni yemwe amagulitsa kwa alendo angathe kukweza mtengo wa chithunzi. Wa pa Nsaru sangatero, chifukwa kasitomala wake ndi mlimi yemwe akudikira ndalama za fodya ku okushoni ya ku Kanengo, ndipo zikabwera zimayamba zapita kufeteleza.

Chachitatu ndi kutha kwa mitengo. Mlombwa, m'bawa ndi phingo, zomwe osema ndi opala matabwa amazikonda, zikusowa. Zigafa za fodya, mauvuni a njerwa ndi makala zidamaliza mitengo yachilengedwe m'midzi yambiri, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, idaonongeka mpaka boma lidafika potumizako asilikali. Wosema amagwiritsa ntchito mtengo wochepa kuyerekeza ndi wootcha makala, ndipo mtengo umodzi amaupindulira kwambiri, koma pamaso pa lamulo onse amaoneka ngati odula mitengo.

Chachinayi ndi kusintha kwa moyo. Ndowa ndi mabeseni apulasitiki zalowa m'malo mwa mitsuko ndi madengu. Nyumba zanjerwa zootcha, zapulasitala ndi zamalata zikuchuluka, ndipo palibe angadandaule kuti anthu akugona pabwino. Koma khoma lasimenti silizira, ndipo mtsikana wokulira m'nyumba yotereyi saphunziranso zomwe agogo ake ankadziwa.

Sukulu ikadatha kutseka mpata umenewu. Phunziro la Expressive Arts lilipo kupulaimale ndipo limafunsidwa pamayeso a Sitandade 8 pamodzi ndi Life Skills. Koma m'kalasi momwe ana adzaza mpaka pakhomo, mopanda mapepala ndi utoto, mphunzitsi amangolemba manotsi pabolodi. Mwana amaloweza tanthauzo la kuumba kuti akakhoze mayeso, pomwe mayi wodziwa kuumba ali kuseri kwa mpanda wa sukuluyo ndipo palibe adamuitanapo.

Phunziro la ku Mua ndi ku Tengenenge

Pali malo awiri omwe akuonetsa kuti luso lakumudzi lingathe kudyetsa anthu popanda kusamukira m'tauni.

Oyamba ndi Kungoni, pamishoni ya Mua m'boma la Dedza, omwe adakhazikitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada. Kale amishoni ndi anthu a gule sankamwerana madzi, ndipo mikangano yawo m'chigawo chapakati idafika mpaka kwa atsamunda. Ku Kungoni zinthu zidatembenuka. Osema a m'midzi yozungulira adaphunzitsidwa, adapatsidwa malo ogwirira ntchito, ndipo zosema zawo zidayamba kulowa m'matchalitchi a m'dziko muno ndi akunja. Nyumba ya Chamare ikusunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Chachikulu chomwe Mua idachita n'kupezera osema ogula okhazikika komanso kulola kuti wosema adziwike ndi dzina lake.

Achiwiri ndi Tengenenge, pafupi ndi Guruve m'dziko la Zimbabwe. Mu 1966, mlimi wa fodya Tom Blomefield ataona kuti malonda a fodya asokonekera chifukwa cha zilango zomwe maiko adapereka ku boma la azungu la Rhodesia, adalimbikitsa antchito a pafamu yake kuti ayambe kusema miyala. Ambiri mwa antchitowo adali ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Ena adali Achewa ndi Ayao, ndipo zomwe ankazidziwa kwawo zidaonekera m'miyalayo. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, ndi mmodzi mwa omwe adayambira kumeneko n'kutchuka m'maiko ambiri. Anthu omwe ankangoonedwa ngati onyamula mabelo adasanduka osema odziwika padziko lonse.

Nkhani ya Tengenenge ikukhudza madera a Nsaru ndi Kabudula mwachindunji, chifukwa nawonso moyo wawo udamangidwa pa fodya, mbewu yomwe tsogolo lake pamsika wa dziko lonse likukayikitsa. Koma malo awiriwa alinso ndi chenjezo. Onse adayambira pa mlendo mmodzi wamasomphenya, ndipo onse adadalira kwambiri ogula akunja. Alendo atachepa ku Zimbabwe kuyambira m'chaka cha 2000, osema a ku Tengenenge adavutika zedi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wogula wodalirika ndi yemwe ali pafupi.

Zomwe khonsolo ingachite

Choyamba n'kupita komwe kuli anthu. Kalembera wa aluso akachitikira paintaneti yokha, pamafomu a Chingerezi ndi ndalama yolembetsera, adzalembetsa ndi omwe ali kale ndi mwayi. Khonsoloyi ikuyenera kugwiritsa ntchito masiku amsika pa Namitete, Nsaru, Mpingu ndi Nambuma, mothandizana ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera, ndipo mafomu akhale m'Chichewa. Magulu a amayi ndi mizinda ya gule aloledwe kulembetsa ngati gulu, osakakamizidwa kutchula munthu mmodzimmodzi.

Chachiwiri n'kusandutsa boma ndi mabungwe kukhala ogula. Chaka chilichonse m'maderawa mumamangidwa midadada ya sukulu, zipatala zazing'ono, misika ndi nyumba za aphunzitsi, zina ndi ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Makoma ake amafuna mapu, zilembo, zithunzi za ziwalo za thupi, mauthenga a katemera ndi a kolera. Patakhala mfundo yoti ntchito yojambula pa nyumba zoterezi iziyamba yaperekedwa kwa wojambula wa m'dera lomwelo, ndipo asaine dzina lake pakona, ndalama yomwe ikupita kwa osindikiza a m'tauni ingatsale pamsika wakumudzi. Sipafunika bajeti yatsopano, koma kusintha kagulidwe. Zipatala monga St Gabriel's ya ku Namitete, yomwe idayamba mu 1959, ndi ya Kabudula, komanso mipingo monga parishi ya Nambuma, ndi malo omwe anthu ambiri amasonkhana tsiku ndi tsiku, ndipo makoma ake angathe kukhala zionetsero zosalipiritsa.

Chachitatu n'kulumikiza lusoli ndi maphunziro a ntchito zamanja. Ku Namitete kuli kale sukulu ya Namitete Technical College yomwe imaphunzitsa ukalipentala ndi ntchito zina. Bungwe la Teveta lili ndi ndondomeko yoyesa ndi kupereka ziphaso kwa amisiri omwe adaphunzirira ntchito pamanja. Wapenti kapena wosema wokhala ndi chiphaso angathe kupikisana nawo pamakontirakiti a khonsolo ya boma m'malo mongolembedwa ganyu ndi wina. Sukulu zapulaimale nazo zingapatsidwe kandalama kochepa koitanira woumba kapena woluka wa m'mudzi kudzaphunzitsa ana kangapo pateremu.

Chachinayi n'kusunga mbiri. Kutumiza achinyamata okhala ndi mafoni kukajambula makoma okongoletsedwa chilimwe chilichonse, n'kulemba dzina la mayi, mudzi ndi chaka, eni ake atavomereza, sikungadye ndalama zambiri. Zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zomwe Unesco idaziika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zambiri mwa izo n'zokhudza chinamwali cha atsikana ndi gule. Dziko likunyadira lero zomwe amayi ndi abambo akumudzi adajambula pamiyala kalekale, koma silikusunga zomwe zidzukulu zawo zikujambula pamakoma chaka chino.

Chachisanu ndi mitengo. Magulu a osema olembetsedwa angapatsidwe zilolezo zomveka bwino zogwiritsira ntchito mitengo yakugwa yokha, n'kupatsidwanso udindo wodzala ndi kusamalira ina. Wosema yemwe akudziwa kuti mdzukulu wake adzafuna mlombwa ndi mlonda wabwino wa nkhalango kuposa yemwe amathamangitsidwa ngati wakuba.

Aluso am'tauni nawo ali ndi gawo lawo. Bungwe la Visual Arts Association of Malawi ndi eni malo oonetsera zaluso angathe kuyamba ndi zazing'ono: kulemba dzina ndi mudzi wa wosema pachiboliboli chilichonse, kusiya malo a aluso akumudzi pazionetsero, ndi kutengera chionetsero chimodzi pachaka kumsika wakumudzi. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe chidayamba mu 2014 kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, chidaonetsa kuti anthu am'tauni amatha kuyenda ulendo kukaona zaluso kumalo komwe sankakuganizira.

Nanga njala?

Ena anganene kuti dziko lomwe likuvutika ndi njala, kusowa kwa mankhwala ndi kukwera mtengo kwa feteleza lilibe nthawi yokamba za zojambula. Mfundoyi njomveka, ndipo palibe mlimi wa ku Mpingu yemwe angasankhe chithunzi kusiya thumba la chimanga. Koma ikuiwala kuti kwa amisiri akumudzi, lusoli ndi njira imene yopezera chimangacho. Ntchito zoumba, kuluka, kusema ndi kujambula zimachitika kwambiri chilimwe, pomwe kumunda kulibe zochita zambiri ndipo ndalama za zokolola zikutha. Mbiya khumi zogulitsidwa pamsika ndi fizi ya mwana. Chikwangwani chimodzi ndi ndiwo za masiku angapo.

Palinso chiopsezo choti ndalama za thumba latsopanoli zingathere m'misonkhano ya kunyanja ndi m'maalawansi, kapena kugawidwa pakati pa magulu omwe amadziwa kulemba mapempho m'Chingerezi chabwino. Oimba, ochita zisudzo ndi opanga mafilimu ali ndi mawu amphamvu pawailesi ndi pa Facebook. Ojambula ndi osema mawu awo ndi ochepa, ndipo akumudzi alibiretu wowayankhulira. Aphungu a madera a kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe ali ndi udindo wofunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti pandalama zomwe zaperekedwa, ndi zingati zomwe zadutsa malire a mzinda.

Lamulo lidalembedwa ndipo aluso adaomba m'manja. Kupambana kwake kudzaoneka pa zinthu zooneka ndi maso: ngati khoma la sukulu yatsopano kwa Kabudula lidzakhale ndi dzina la wojambula wa komweko, ngati chiboliboli cha ku Old Town chidzanene yemwe adachisema, ngati mfumu ya mzinda idzafunsidwe gule wake asanaikidwe pachikwangwani, ndiponso ngati mayi wa ku Nambuma yemwe amakongoletsa khoma lake chaka ndi chaka adzalembedwe m'kaundula wa aluso a dziko lino mvula isanafufute ntchito yake.